Ndafufuta zifuwa za alamu, ndi ukwati womwe

Bambo a Nunu,

Ndalawirira ku saluni alamu asanadzuke. Ndapalamula, koma mlanduwu tigawana.

Kilaudi yathu yaulere ija, yomwe timasungako zithunzi pa intaneti, yadzaza. M'mawa uno ndimati ndiikemo zithunzi za tsitsi la makasitomala anga, yandikanira. Poyang'ana, muli mavidiyo okhaokha a mng'ono wanu akunyamula zitsulo, chifuwa chili pamtunda. Pasiwedi munawapatsa ndinu, ine osandifunsa. Ndiye ndapsa mtima, ndafufuta zonse pafoni yanga.

Vuto ndi lakuti kilaudi imeneyi ili ngati galasi: ukafufuta kuno, zafufutika konsekonse. Vidiyo ya ukwati wathu yapitira limodzi. Pepani. Musakomoke, ikadali m'bini ya kilaudiyo, koma wobweza ndi mwini akaunti, inuyo. Bwezani lero lomwe, ukwati wokhawo. Zifuwazo zisiyeni momwemo.

Ndafufuza ndekha makilaudi ena, madzulo tisankhe. Ilipo ina yotchipa, yonga sutikesi ya pansi pa bedi: umaika n'kuiwala, imachedwa kutulutsa zinthu, koma chala cha munthu wokwiya sichifikako msanga. Ukwati ukakhale kumeneko. Ilipo inanso yolipira, aliyense chipinda chake ndi kiyi wake. Ntchito yanga ikufuna imeneyo. Yaulereyi itsale yathu awiri, pasiwedi yatsopano.

Tiyi ali m'fulasiki. Alamu akafunsa, muwauze kuti wofuna chipinda amalipira lendi. Apo ayi, minofu yawoyo azisungira m'malaya ngati anthu ena onse.

Ndine amake Nunu, mkazi wanu ndithu, ngakhale umboni uli m'bini.