Musandipepesere kwa Abusa

Makokola,
Mangochi.
14 Novembala 2023

Okondedwa achimwene a Willard,

Landirani moni pamodzi ndi alamu anga a Edith ndi ana onse ku Mzuzu kumeneko. Kodi bondo lija linasiya kutupa? Nanga Mayankho sukulu ikuyenda bwanji? Ife kuno tadzuka. Amuna anga a Oscar akupitabe ku ntchito yawo. Dzuwa ndiye lanyanya, mvula sinagwe ndi kadontho komwe. Za ine sindinena kuti ndili bwino, chifukwa bodza limenelo ndatopa nalo.

Uthenga wanu wa mawu pa foni ndinaumvera kawiri. Munati ndachititsa manyazi banja lathu. Munati malemu bambo athu, amene anali mkulu wa mpingo zaka makumi atatu, akanakhala moyo akanalira. Munati shopu yanga yosokayi yandilowa m'mutu moti ndayamba kuyankha amayi busa ngati mnzanga wa pamsika. Pomaliza munati muimbira foni abusa kuti mundipepesere.

Sindinakuimbireni chifukwa ndikanayankhula zoipa. Ndasankha pepala kuti musandidule mawu monga mumachitira. Inu munamva mbali imodzi n'kuweruziratu, osandifunsa ngakhale kuti Fyness, chachitika n'chiyani. Ndiye werengani mpaka kumapeto.

Mu Seputembala hotela ina kuno inandipatsa ntchito yosoka mayunifomu a antchito ake onse, ntchito yaikulu kuposa zonse zimene ndinalandirapo. Inayenera kutha pofika kumapeto kwa Okutobala. Lusiya, mayi amene ndimasoka naye, anali atapita kwawo ku Katuli kukadwazika mayi ake, choncho ndinali ndekha.

Patangopita sabata, amayi busa anabwera ndi mtolo wa nsalu yoyera. Sanafunse ngati ndili ndi mpata. Anangoutula patebulo n'kunena kuti akufuna mabulauzi makumi anayi a amayi a mpingo, oti akavale ku msonkhano waukulu wa ku Chowe pa 28 Okutobala. Ndinawauza kuti nthawi yachepa ndipo ndili ndi ntchito ina. Anaseka, n'kunena kuti amene anandipatsa manjawa ndi Mulungu, ndiye ntchito yake iyambe, za ku hotela zibwere pambuyo.

Ndinayankha kuti chabwino amayi. Ndi mmene ndakhala ndikuyankhira zaka zisanu ndi chimodzi. Makatani a m'tchalitchi, chabwino amayi. Mikanjo ya kwaya, chabwino amayi. Kuphika pa maliro, kuchapa nsalu za paguwa, kufupikitsa mathalauza a abusa Loweruka pamene makasitomala adzaza pakhonde, chabwino amayi. Ndi mmene tinaleredwera inu ndi ine, kuti wokana ntchito ya mpingo wakana Mulungu.

Tsopano imvani chimene simukuchidziwa. Ndinali ndi pathupi pa miyezi inayi.

Inde achimwene, patatha zaka khumi ndi chimodzi ndili pabanja. Inu mukudziwa zimene ndamva kwa achibale a Oscar zaka zonsezi. Tinagwirizana ndi amuna anga kuti tisauze munthu mpaka mimba ioneke yokha, chifukwa tinali ndi mantha. Kusikelo anamwino anandiuza kuti magazi anga akuthamanga kwambiri, miyendo yatupa, ndizipuma ndipo ndisiye makina opalasa ndi miyendo aja. Koma magetsi ankangozimazima, makina a magetsi anali chikhalire. Ndiye ndinkapalasa tsiku lonse m'kashopu ka malata, kutentha kwa Okutobala kuja mukukudziwa.

A Oscar anandichonderera kangapo kuti ndibweze nsaluzo. Ine ndinawayankha kuti Mulungu sangalole choipa kundigwera pamene ndikusoka zovala za nyumba yake. Ndinanenadi mawu amenewo, ndi pakamwa panga, ndipo ndinkawakhulupirira. Pa anthu onse amene ndawakwiyira, woyamba ndi ine mwini.

Lachinayi pa 19 Okutobala, dzuwa lili paliwombo, ndinali pa bulauzi ya nambala 27. Msana unali utayamba kupweteka m'mawa koma ndinati ndimalize kaye kolala. Nditaimirira kuti nditenge ulusi ndinaona magazi, mutu unazungulira, ndinagwa pamodzi ndi mpando.

Amene anamva kugwako ndi Hidaya, Msilamu wogulitsa zitenje pa shopu yoyandikana ndi yanga. Anatsomphola chitenje chatsopano pa malonda ake n'kundikulunga, anaimitsa galimoto pamsewu, anapita nane kuchipatala ku boma. Shopu yake anaisiya chitsegulire. Anakhala nane mpaka a Oscar atafika. Koma ndinapita padera, achimwene. Mwanayo sitinamuone n'komwe nkhope.

Ndinawafunsa adokotala ngati anali makina aja. Anati sangathe kunena motsimikiza, zotere zimachitika ngakhale kwa munthu wongogona. Mwina n'zoona. Chimene ndikudziwa ine n'chakuti ndinauzidwa kuti ndipume, ndipo sindinapume.

Ananditulutsa Lolemba. Lachiwiri m'mawa amayi busa anafika kunyumba. Anamva kuti ndinagonekedwa, ndipo ankaganiza kuti anali malungo. Anapemphera mwachidule, kenako anafunsa za mabulauzi otsalawo. Anati poti ndayamba kukhala tsonga, bwanji ndingolimba mtima masiku atatu okha, chifukwa amayi ena akachita manyazi ku Chowe. A Oscar anali atabweretsa mtolo wonse kunyumba potseka shopu. Ndinauyang'ana uli pakona, ndinawayang'ana amayi busa, ndipo ndinati:

"Amayi, tengani nsalu zanu, sindisoka. Kuyambira lero mukafuna kanthu kwa ine muziyamba mwafunsa ngati ndingathe."

Anandiyankha kuti umu ndi mmene Satana amabera mitima ya anthu a bizinesi. Apo m'pamene ndinanyamula mtolowo n'kuuponya pakhonde, ndi kuwauza kuti atuluke m'nyumba mwanga. Zimene munamvazo n'zoona, sindikukana. Kuponya kuja ndinalapa kwa Mulungu, chifukwa ndi munthu wamkulu. Koma kukana kuja sindidzalapa.

Mufunsa kuti bwanji sindinangowauza zimene zinandichitikira. Ndikudziwa kuti akanamva chisoni, si munthu wa mtima wa mwala. Koma mwana wanga si kalata ya kuchipatala yoti ndizionetsa kuti andilole kupuma. Kodi munthu azitaya kaye mwana kuti mawu ake oti sindingathe amveke? Ndinanena tsiku loyamba lomwe kuti nthawi yachepa. Zinayenera kukwanira pomwepo.

Ndipo poti mukuti bizinesi yandilowa m'mutu, dziwaninso ichi. Sabata yomweyo ndinatuma a Oscar kwa abwana a ku hotela kukawauza kuti mayunifomu awo sindimaliza. Ntchitoyo anaipereka kwa telala wina, ndipo sindikukhulupirira kuti adzandiitananso. Ndinakana onse awiri, mpingo ndi hotela. Amene anandimvetsa msanga ndi a ku hotela.

Mulungu sindinamusiye, ngakhale masiku ena pemphero langa limangokhala kumufunsa mafunso. Kutchalitchi ndimapita, ndimakhala benchi ya kumbuyo. Amayi ena amandiyang'ana ngati ndaba mbale ya chopereka, ena amandigwira dzanja mwakachetechete. Shopu ndatsegulanso sabata yatha. Lusiya anabwera. Ndimatseka folo koloko, Lachitatu sindigwira makina, ndipo magetsi akazima ndimakhala pansi n'kumacheza ndi Hidaya. Za mpingo ndidzasokanso tsiku lina, koma ndi ine amene ndidzanene kuti ndi zingati komanso liti. Sindikukhulupiriranso kuti Mulungu amasangalala akamaona mwana wake akudzipha ndi ntchito m'dzina lake. Bambo athu mukuwatchulawo munawaona mmene anathera, akupalasa njinga kupita ku misonkhano chifuwa chikuwawa, ife n'kumaombera m'manja kuti ndi munthu wodzipereka.

Ndiye pempho langa ndi ili. Musawaimbire abusa. Ngati mwaimba kale, imbaninso muwauze kuti munayankhula musanamve zonse, koma za mwanayu musatchule. Ndikadzafuna kukumana ndi amayi busa ndidzapita ndekha, ndi miyendo yanga, ndipo ndikapepesa pa zimene ndinalakwa zokha.

Ngati muli ndi mayunitsi oimbira munthu, imbirani mlamu wanu. A Oscar chichitikireni zimenezi sanapondeko kutchalitchi. Akaweruka amangokhala okha pansi pa mtengo wa mango. Dzana anandiuza kuti wolakwa ndi iwo, akanangotseka shopu ndi loko n'kubisa makiyi. Ine ndilibe mphamvu zonyamula chisoni changa ndi chawo chomwe. Amakulemekezani ngati mkulu wawo. Musakawalalikire. Mungowafunsa kuti ali bwanji, kenako mukhale chete, muwamvere.

Mayi kumudzi sakudziwa kanthu. Ndipita Loweruka kukawauza ndekha, chonde musanditsogolere. Alamu anga a Edith muwawerengere kalatayi ngati mukufuna, iwo amva msanga kuposa inu. Ana muwapatse moni, muwauze kuti azakhali awo amawakonda.

Ndikadali wokwiya nanu, achimwene, sindikubisirani. Komabe ndimakutchulani m'pemphero tsiku lililonse. Ambuye akusungeni inu ndi a m'nyumba mwanu onse.

Ndine mlongo wanu,
Fyness