Za Dengu la Mayi Cacace

Komiti ya anthu okhala m'nyumba yosanja nambala 14, Naples
Tsiku: Lamlungu, 8 Malichi 1981
Malo: Chipinda cha pansi pa masitepe
Opezeka: Bambo Catello Scognamiglio (wapampando), Mayi Fortuna Cacace, Bambo Aniello Vitiello, Loya Sorrentino (mlendo), Concetta Iovine (mlembi)
Osapezeka: Mabanja ena onse. Ati chimfine chawagwira tsiku limodzi.

1. Kutsegula
Wapampando anatsegula msonkhano 4 koloko madzulo, atayamba watseka mawindo.

2. Mnyamata wa m'chipinda 7
Wapampando anakumbutsa kuti apolisi atagwira mnyamata uja ndi mfuti za zigawenga, tonse tinapangana kunena kuti sitinkamudziwa. Anati tsopano apolisi ali ndi chithunzi cha dengu likutsika pachingwe kuchokera pakhonde la Mayi Cacace kupita pakhonde la mnyamatayo. Mayiwo aitanidwa kwa woweruza Lachinayi.

Mayi Cacace anati: "Zinali nyemba ndi buledi basi! Mwana wa eni ake kuwonda chonchija, ine ndingomuyang'ana?"

3. Malangizo a loya
Loya anafotokoza kuti kunamiza apolisi pofuna kubisa munthu ndi mlandu wa ndende, ndipo woweruza akaona kuti cholinga chinali kuthandiza uchigawenga, lamulo latsopano limawonjezera theka la chilango. Anati mayiwo akakonza mawu awo mwina awamvera chisoni, koma adzafunsidwa amene anawapangira bodzalo. Apa wapampando anapempha madzi akumwa.

Bambo Vitiello anati: "Amayi, mukangoyasamula tonse tapita. Komanso anzake a mnyamata uja samanga munthu ayi, amaombera m'maondo. Ine ndili ndi ana."

Mayi Cacace anayankha kuti: "Ndikuwadziwa ana akowo, Aniello. Akula ndi chakudya cha m'dengu lomweli."

Kunamveka kugogoda pachitseko, tonse tinadzidzimuka. Anali mwana wofuna mpira wake. Mlembi naye mantha anamugwira, choncho owerenga akhululuke ngati zilembo zapindika.

Mayi Cacace anati akauza woweruza kuti bodza analipeka okha, satchula munthu. Loya anachenjeza kuti limenelo ndi bodza lachiwiri, ndipo likaululika chilango chonse chigwera iwo, pa ukalamba wawowo. Bambo Vitiello, amene sanathokozepo munthu m'nyumba muno, anawathokoza kawiri.

Chogwirizana: madengu onse achotsedwe pamakonde lero lomwe.

4. Zina ndi zina
Mayi Cacace anaika makiyi a nyumba yawo patebulo, n'kufunsa amene azidyetsa mphaka wawo ngati Lachinayi sabwerako. Mlembi anadikira dzina loti alembe. Palibe lomwe linaperekedwa.

Tsiku la msonkhano wina lidziwika likadutsa Lachinayi. Msonkhano unatha 5 koloko, makiyi ali patebulo pomwepo.

Wapampando: (wakana kusaina)
Mlembi: Concetta Iovine