Odi pabwinja la asodzi

Lachisanu. Kunatentha, ndipo mtima sunakhazikikebe.

Lero sindinagwire ntchito, ndiye a Mbewe, dalaivala wa kuhotela kwathu, ananditengera kumpoto kwa mzinda wa Doha kukaona bwinja la asodzi m'mphepete mwa nyanja. Nyumba zake zilibe madenga, kulibenso munthu. Pakhomo lina, mwa chizolowezi, ndinati, "Odi!"

M'katimo wina anatsokomola kawiri.

"Madigiri anu onse a kusukuluwo, achimwene!" anatero a Mbewe, akukweza masiki. "Pabwinja saodira. Akati lowani, mulowa?"

Ndinasuzumirabe. Munali mchenga wokhawokha, popanda ndi phazi lomwe.

Kenako tinabwerera. Panopa kukhosi kukundiyabwa, ndipo mawa kuntchito akatiyeza korona. Akandipeza nayo, akafunsa amene ndinakumana naye. Kaya ndikatchula ndani...