Mwana tamutcha Yanjanani

Okondedwa achimwene,

Ndikhulupirira muli bwino ku Joniko pamodzi ndi alamu. Kuno ku Soche tonse tili bwino, ndipo miyendo ya amayi yasiya kutupa.

Mwana wanga wamwamuna uja anatuluka m'chikuta Loweruka lapitali, ndipo tinapempha abambo kuti amutche dzina. Anthu atangokhala pansi, bambo aang'ono a ku Limbe analowa pageti. Paja chikanganirane za munda wa ku Nsanje uja, awiriwa anali asanapatsanepo moni. Bambo aang'onowo ndinawaitana ndine mwamseri, ndiye mtima unali m'mwamba.

Abambo anawayang'ana, kenako ananyamula mwana. "Uyu ndi Yanjanani," anatero. "Ndi dzina la malemu bambo athu. Anabadwa tsiku lomwe midzi iwiri inasiya kulimbirana doko la pa Shire, ndiye akuluakulu anati aliyense womuitana azikumbutsa anthu kukhala mwamtendere."

Bambo aang'ono anapukusa mutu. "Achimwene, mwaikhotetsa nkhaniyo. Ankalimbirana bwato, osati doko."

"Ndiye bwera ukhale apa uifotokoze bwino," anatero abambo uku akuwasendera pabenchi.

Amayi anaimba nthungululu mpaka mwana anadzidzimuka n'kuyamba kulira. Awiriwo anadyera mbale imodzi akutsutsanabe za bwatolo, ndipo pochoka abambo anawaperekeza mpaka pa siteji ya minibasi.

Chonde muwaimbire foni bambo aang'onowo, anafunsa za inu kawiri. Pa Khirisimasi musalephere kubwera, mudzamunyamule Yanjanani asanayambe kukwawa. Mulungu akusungeni nonse.

Ndine mlongo wanu,
Esinati