Nsato ya a Momade pamapewa panga

Okondedwa alamu,

Ndikhulupirira muli bwino ku Beira uko. Kuno tilipo, mlongo wanu chifuwa chija chatha, wayambanso kundilongolola.

Paja ndimakuuzani kuti kuno ku Maravia konse kulibe mwamuna wolimba mtima ngati ine. Tamverani. A Momade ogula golide ku Fingoe akuweta nsato m'bokosi lagalasi kuseri kwa loja yawo yogulitsiramo katundu. Tintchentche tinadzaza m'menemo, tikuunjirira m'maso mwa njokayo, mpaka inaleka kudya. Ine ndinati, "Yochepa iyi, tifukize ndowe ngati m'khola la ng'ombe."

"Utsi undiphera njoka, achimwene," anatero a Momade. "Timeneti tikuswana m'dothi lonyowali. Tilichotse, titsuke bokosi, tithire mchenga wouma. Koma wina anyamule nsatoyi. Olimba mtima aja si inu?"

Alamu, anandikoleka nayo pamapewa. Kulemera kwake ngati thumba la chimanga, kuzizira ngati mtsuko wa m'mawa, ndipo ndinkaimva ikupuma pakhosi panga. Inadzutsa mutu n'kundiyang'ana, lilime likukhudza tsaya langa. Mawanga ake, ngakhale nsalu ya kapulana yodula ya ku Tete siifikapo. Pakamwa pangapa, pamene simunapaonepo potseka, panangoti duu. Mumtima ndinati, Mulungu amaumba.

Bokosi litatsukidwa, tintchentche tinatheratu, ndipo dzulo nsato yameza khoswe. Mlongo wanu akuti ndizikainyamula tsiku lililonse, kunyumba kuzikhala bata.

Munditumizireko buluku latsopano. Za lakale lija musafunse. Mulungu akusungeni pamodzi ndi ana.

Ndine mlamu wanu wolimba mtima,
Zakeyo