Timibulu ta pa Mizu ya Soya

Chigumula, Blantyre
Lachinayi, 24 Januwale 2019

Okondedwa mwana wanga Gracian,

Kuno tadzuka, kaya iwe kumeneko. Kalatayi ndikapatsira kondakitala wa basi ku Wenela mawa, pakuti ndikamalankhula pa foni mkazi wako amakhala pomwepo.

Ukudziwa kuti sindinakondwe pamene unkapita ku Joni n'kusiya munda wa kuseri kwa nyumba m'manja mwa mkazi wako, mayi a Stacy. Ine ndinasamala dimba la a Pradeep ku Mandala zaka makumi awiri ndi zisanu. Sukulu ndinalekeza Sitandade 4, inde, koma nthaka ndimaidziwa. Lero pamunda wanga womwe ndikuchita kuuzidwa poponda.

Mu Disembala mkazi wako anabwera ndi kapaketi ka ufa wakuda ngati makala kuchokera ku Limbe. Anasungunula shuga m'madzi, nanyowetsa mbewu ya soya, nawaza ufawo, n'kuyanika pamthunzi. Nditafunsa anati, "Ndi inokulanti, bambo. Muli tizilombo tamoyo." Ndinati tizilombo timapopera mankhwala, sitigula ndi ndalama. Anaseka. Kuseka kumeneko ndinakusunga mumtima.

Soyayo anakula wobiriwira kuposa wa a Alidi, aja akuchita lendi nyumba yoyandikana nafe, amene anakangana ndi mkazi wako chifukwa cha kanjira kodutsa m'munda. Lolemba m'mawa, iye atapita ku ntchito, ndinazula tsinde limodzi kuti ndione. Mizu yonse inali timibulu. Mtima unandiuza kuti matenda awa ndikuwadziwa. Chaka china anatha matimati onse kwa a Pradeep, mizu kutupa, ndipo mankhwala ake n'kuzula ndi kutentha asanafalikire. Ndinazula mizere isanu ndi umodzi. Ndisakunamize, ndinkazula mokondwa. Mvula ndiyo inandiletsa kuyatsa moto.

Atabwera madzulo anaima pa mulu wa soyayo. Kenaka anatola tsinde, nathothola kambulu kamodzi, nakang'amba ndi chikhadabo.

"Onani, bambo, m'katimu mofiirira. Tinali tamoyo. Timeneti ndi tinyumba ta tizilombo tija. Timakoka chakudya mu mpweya n'kudyetsa mbewu, chotsala m'nthaka chikanathandiza chimanga chaka chamawa."

"Si matenda aja a matimati?" ndinafunsa.

"Ayi. Aja umatupa ndi muzu weniweniwo, simungathothole. Iti timathothoka. Mwaona ndani m'mundamu?"

Ndinati ndinali ku Limbe tsiku lonse.

Sanadikire. Anapita molunjika kwa a Alidi. Ndinawamva ali pakhonde akuti, "Mayi a Stacy, tinakangana za njira. Ine ndizule chakudya? Ndili ndi ana ine." Iye sanamve. Anakanena kwa eni nyumba, mayi Esther, amene ali nawo limodzi ku Mvano. Mayiwo anena kuti tikhale pansi Loweruka lino, ndipo akapanda kupezeka wina wozula, a Alidi asamuke mwezi ukatha. Ana anayi, mvula ili chonchi.

Lachiwiri ndinabwerera pa mulu uja. Ndinang'amba timibulu tambirimbiri kufuna kupeza kamodzi kowola koti kandiikire kumbuyo. Tonse tofiirira.

Dzulo a Alidi anandipeza pa siteji ya minibasi. Anandipatsa moni bwinobwino, kenaka anati, "Madala, Lolemba lija wailesi yanu inalira mpaka masana. Popita ku Limbe munaiwala kuthimitsa?" Anandiyang'ana nthawi yaitali. Minibasi itabwera sindinakwere.

Ukanandisiyira mundawo zonsezi sizikanachitika, chimenecho sindisintha. Nayenso akanandikhazika pansi n'kundifotokozera ngati munthu wamkulu, m'malo moseka. Koma a Alidi sanandisekepo, ndipo katundu amene atulutsidwe panja ndi wawo.

Ndayeseza mawu anga kangapo ndili ndekha. Amatuluka bwino mpaka ndikaganiza za mayi Esther akukafotokozera amayi a Mvano kuti mkulu amene amadzitama ndi dimba la ku Mandala sadziwa kusiyanitsa matenda ndi chakudya, ndipo ananamiza mpongozi wake. Pamenepo ndimalekeza.

Ukamawerenga kalatayi Loweruka likhala litadutsa. Uimbe foni kwa mkazi wako, koma usayambe ndi kufunsa. Ngati ndalankhula, akuuza yekha. Akapanda kunena kanthu, udziwe kuti bambo ako alephera, ndipo umuwerengere kalata yonseyi mwezi usanathe.

Stacy akupereka moni. Mayi ake akundigwadirabe pondipatsa madzi osamba m'manja, ndipo ine ndimayang'ana m'beseni. Mulungu akusunge kuchilendoko.

Ndine bambo ako,
Pearson Makwinja