Kamera ya ku Mkanda Ikutembenuka Yokha

Lolemba, 9 Juni

Kwa Wolemekezeka Mkulu Womva Madandaulo a Anthu Ophunzira, kulikonse kumene muli, ngati mulipo. Ine Molly, mwini digiri ya zamakompyuta, woyang'anira makina a vidiyo m'zipatala zitatu za bungwe lathu, ku Mkanda, kwa Zulu ndi ku Chiosya, ndikudandaula mwaulemu kuti munthu wina waphimba kamera ya ku Mkanda ndi chitenje. Kuphimbako ndikhoza kukhululuka. Chimene sindingakhululuke ndi mtundu wa chitenjecho. Tsiku lonse ndakhala muno mu ofesi pa Boma sikirini ili psuu, ngati ndikuonera dziko ndili m'kati mwa papaya.

Ndaimbira a Shamira, namwino wa kumeneko. Avomera mosachita manyazi kuti aphimba ndi iwo. Akuti kamera ikumatembenuka yokha m'mawa, ndipo azimayi a sikelo akukana kulowa m'chipindamo kukalankhula ndi dokotala wa ku Lilongwe. Anthu akuti ndi Timoteyo.

Ndawakumbutsa kuti Timoteyo, mnzanga wa ofesi ino amene anamangirira makina onsewa, tinamuika mwezi watha thiraki itamugunda pa njinga yamoto, ndipo kumene ali kulibe netiweki. Sanaseke. Nanenso nditadula foni sindinaseke.

Lachiwiri, 10 Juni

A Goodwin, bwana wathu wa ku LL, aimba. Akuti akaunti ya T., Timoteyo uja, ikhale itafufutidwa pofika Lachisanu, womwalira sangasunge makiyi a zipatala zitatu. Ndayankha kuti ndinaiwala.

Kuiwala kwake kuti. M'mawa uliwonse ndikatsegula laputopu dzina lake limakhala pamwamba pa langa, kadontho kobiriwira kali pambali, chifukwa makina a ku Mkanda amalowabe m'dzina lake. Ndimaliyang'ana, ndimatereka tiyi, tsiku limayamba. Mpando wake ukadali pomwepo. Palibe wakhalapo, ngakhale alendo amaulambalala.

Masana ndalowa m'makina a ku Mkanda kukasaka mzukwa. Ndaupeza. Kamera ija ili ndi malo amene inauzidwa kuti iziloza: oyamba tebulo la namwino, achiwiri bedi. Pali achitatu amene sindimawadziwa, T. anangowalemba C. Ndipo anaika lamulo loti tsiku lililonse la sukulu, m'mawa, kamera izipita pa C, iziima pang'ono, izibwerera. Basi. Sayansi yawina, afiti abwerere kwawo.

Ndapempha a Shamira achotse chitenje mawa, ndione C ameneyu.

Lachitatu, 11 Juni

Chisanu. Ndinafika mlonda asanatsegule geti.

Poyamba bedi lokha, chipinda chili zii. Kenako chithunzi chinayamba kuyenda pang'onopang'ono, manja anga ali m'thumba mwa jekete. Ndikudziwa bwino chimene chikuyendetsa, ndinawerenga lamulolo ndi maso anga dzulo, komabe tsitsi linandiimirira. Khoma, kalendala, kabati ya mankhwala, windo. Inaima pa windo.

Kanjira ka kuseri kwa chipatala. Bambo wina akukankha njinga yolemedwa ndi matumba a mtedza. Ana a sukulu atapinda manja chifukwa cha kuzizira. Mmodzi anapatuka n'kudzaima pa windo penipeni. Chiso, mwana wa T. Ndinamuona komaliza pamaliro atagwira chitenje cha amayi ake. Anabayibitsa ndi manja onse awiri, kenako anasendera pafupi n'kuyasamula kukamwa kuonetsa pamene pachoka dzino. Anadikira. Kamera itayamba kubwerera, anathamangira anzake.

Ine ndinapezeka ndabwerera m'mbuyo ndi mpando womwe, ngati andigwira ndikusuzumira m'nyumba ya eni.

T. ankagona kuno ku Boma pakati pa sabata, banja lili ku Mkanda. Ankandiyambirira kufika ku ofesi tsiku lililonse, ine n'kumamunena kuti amadzaba intaneti yoonera mpira. Ankangoseka, chitsiru chija.

Lachinayi, 12 Juni

Ndinauza a Shamira kuti akafotokozere azimayi aja kuti palibe chamatsenga, kamera ikungotsatira zimene Timoteyo anaiuza. Abweza foni masana. Akuti azimayi amvetsera bwino, agwedeza mitu, n'kunena kuti eya, ndi zomwe takhala tikunena, ndi Timoteyo. Zaka zonse zija ku yunivesite, ndagonja kwa anthu a pabenchi ya sikelo.

Nzeru ndili nayo. Lamulo lija ndikhoza kulisamutsira ku dzina langa, akaunti ya T. n'kufufuta, a Goodwin n'kugona tulo. Kamera izitembenukabe. Ndawatchulira a Shamira. Anandiuza za mayi wina woyembekezera, miyendo yotupa, amene amuna ake anamubweretsa pa njinga kuchokera kutali. Wafika pakhomo pa chipindacho, wasuzumira, wabwerera kwawo osaonana ndi dokotala.

"Inu mukuona mwana mmodzi pa windo. Ine ndikuona bedi lopanda munthu."

Ndawauza kuti ali ndi pakamwa poipa. Akuti anaphunzira kwa ine.

Lero Chiso anabwera ndi mnzake, kumulozera kamera.

Lachisanu, 13 Juni

Ndapita ku Mkanda. Mu ripoti ndilemba kuti ndimakayendera mabatire a sola. Ndawayenderadi, ali bwino, andipatsa moni.

A Eliza, akazi a T., ndinawapeza pakhonde akusenda mtedza. Mutu wawo tsitsi langoyamba kumera. Anandipatsa mpando ndi lichero langalanga, mlendo kapena ayi. Ndinazungulira nkhani ngati loya, iwo anandidula. Akudziwa zonse. T. anamuuza mwanayo kalekale kuti ukaona kamera yatembenukira pa windo, udziwe adadi akukuona. Pamaliro anamufotokozera, abusa anamufotokozera, azakhali ake anamufotokozera. Chiso amangofunsa funso limodzi: nanga akuitembenuza ndani? Masiku amene inali yophimbidwa ankaima pa windo mpaka belu la sukulu kulira, ndipo kunyumba chakudya ankangochiyang'ana. Amati adadi akwiya.

Ndinawauza nzeru yanga ija, mokoma, ndi mawu a ku ofesi. Ndinati sizivuta, ndikhoza kuisiya izitembenuka mpaka mwanayo atakula pang'ono.

Anapitiriza kusenda. Kenako anati, "Asisi, ife kuno tinameta kale. Amene simunamete ndinu a ku ofesi."

Anati mwana wawo sangakule akupatsa moni khoma la chipatala. Alire kamodzi, iwo alipo, amugwira. Ndinafunsa ngati akufuna kuona kamodzi kokha zimene T. ankaona. Anati ayi, mwanayo amamuona tsiku lililonse, ndiponso wathunthu.

Anandipatsira mtedza m'jumbo.

Ndafufutira kuno ku Boma, dzuwa likupendeka, mathiraki a ku Zambia akugwedeza mawindo. Poyamba ndinasamutsa makina onse kuwaika m'dzina langa. Kenako lamulo lija, kenako C, kenako iye. Kompyuta inandifunsa ngati ndatsimikiza. Mwano wake. Ndinadina.

Dzina langa lakwera pamwamba. Silikuoneka bwino pamenepo.

Loweruka, 14 Juni

Ndachapa zovala zoyera kale.

Lolemba, 16 Juni

Ndinafika m'mawa kudzayesa mawu ndi zithunzi, monga mwa ntchito. Zulu bwino. Chiosya bwino, kupatula buluzi pa khoma. Mkanda: bedi, chipinda chili zii, maikolofoni yotsegula.

Windo silioneka kamera ikaloza bedi. Ndimangomva. Belu la njinga. Ana akudutsa akukangana za mpira. Phokoso linapitirira, koma mapazi ena anatsala. Ndinawamva akuyandikira pa miyala ya pansi pa windo, n'kuima.

Pa sikirini pali timivi tinayi totembenuzira kamera pamanja. Zimenezo sizifufutika. Dzanja langa linali pa mawusi, kamuvi ka kumanzere kali pansi pa chala. Kungodina basi. Palibe akanadziwa, ngakhale a Goodwin.

Anagogoda galasi ndi kachala. Anagogodanso.

"Adadi?"

Sindikudziwa kuti tinakhala choncho nthawi yaitali bwanji, iye uko, ine kuno. Kenako mawu a a Eliza, chapansipansi, pafupi naye. Anamuperekeza lero. Zimene ananena sindinazimve, ndinangomva mwanayo akuyamba kulira, kulirako n'kuphimbika ngati kwalowa m'nsalu. Mapazi anachoka pang'onopang'ono, a anthu awiri.

Patapita kanthawi chitseko chinatseguka. A Shamira analowa ndi mayi wa miyendo yotupa uja. Mayiyo anakhala m'mphepete mwa bedi, maso ali pa kamera, wokonzeka kuthawa. Kamera sinasunthe. Ndinalumikiza dokotala wa ku LL, mayiyo anayamba kufotokoza za mutu umene ukumupweteka, ine ndinatseka mawu kumbali yanga.

Choncho, a Timoteyo, kulikonse kumene mwafika. Poona kuti munandisiyira ntchito imene sinalembedwe mu kontirakiti yanga, ndikulamula kuti mundilipe mbuzi yaikazi imodzi, ibwere yokha pa kabaza itavala chipewa cha njinga yamoto, ndiponso dzanja lamanja latsopano. Ili likungofuna kubwerera pa kamuvi kaja, ndipo ku Chiosya akudikira kuti ndiwayatsire rauta ya intaneti.